Galimoto ya Alamu Anga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandisunga pa msewu zaka zonse za ntchito yanga, osalola kuti magazi a munthu akhale pa matayala a basi imene ine ndinkayendetsa. Ndimuthokozanso chifukwa cha amayi anu, amene akupumabe mpaka lero ngakhale thupi latha, ndi chifukwa cha inu ana anga, Tendai, Chisomo ndi Rudo. Ndikulemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti Rudo adzawerenga movutika, poti lilime lake linapita ku Chishona ali wamng'ono. Apemphe akulu ake amuthandize. Zimene zili mumtima mwangamu sizituluka bwino m'chilankhulo china.

Mwakhala mukundifunsa pa foni chifukwa chake mawu anga amauma mukangotchula amalume anu a Binwell. Mumati ndi munthu wabwino, ndipo simunama. Koma ndikufuna mudziwe kuti ine ndi amayi anu tinatsala pang'ono kumaliza moyo uno tikugona m'nyumba zosiyana. Panalibe ndewu, panalibe mwamuna wina kapena mkazi wina. Chimene chinalowa pakati pathu ndi galimoto.

M'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mabasi ku depoti ya kampani yaikulu imene inkanyamula anthu a mu Harare. Atate anga, amene anachokera ku Dedza n'kukalambira m'fakitale ina ku Graniteside, ndi amene anandiperekeza mpaka pa geti. Ndinatsuka matope ndi masanzi a oledzera kwa nthawi ndithu. Kenaka mkulu wa ku galaja anaona kuti ndimasuntha mabasi pabwalo popanda kukanda inzake, ndiye anandilembetsa ku sukulu ya madalaivala ya kampaniyo. Tsiku limene ndinalandira yunifolomu ndi chipewa, ndinayenda pang'onopang'ono kuchokera pa siteji mpaka kunyumba, kuti dera lathu lonse la Mufakose lindione.

Bwana wathu wa pa msewu anali inisipekitala wina wamfupi, a Mutasa, wa wotchi yaikulu kuposa dzanja lake. Ankabisala kuseri kwa mtengo n'kutulukira basi ikangoima. Tsiku lina ndinanyamuka msanga pa siteji ya pamsika chifukwa panalibe munthu. Anandipeza m'tawuni. "Phiri, mayi wa dengu uja wamusiyiranji?" Ndinayankha kuti sindinaone mayi aliyense. Iwo anati, "Sunamuone chifukwa anali asanafike. Iye amadziwa nthawi ya basi, ndiye anali m'njira. Basi si yako, mfana. Ndi ya munthu amene akubwera." Anandichotsa pa msewu sabata yathunthu, ndipo sindinabwerezenso.

Kondakitala wanga anali Binwell Mwale, mwana wa Achewa anzathu a ku Kambuzuma. Anali wochepa thupi, wa pakamwa potsekemera, wodula matikiti akuimba. Ankadziwa amene wabereka, amene wachotsedwa ntchito, ndi amene wagona kunja. Aliyense wa ku Malawi ankamutcha mlamu. Akamenya belu ankakuwa kuti, "Pondani, alamu, anthuwa akuchedwa kukatukwanidwa ndi mabwana awo!" Basi yonse inkaseka. Masana mlongo wake Esinati ankamubweretsera chakudya pa renki, pokwerera mabasi, ndipo ine ndinayamba kumva njala pa nthawi yomweyo. Mawu achipongwe aja anasanduka oona. Tinakwatirana pa tchalitchi, ndipo Binwell ndi amene anaimira kuchikazi chifukwa bambo awo anali atamwalira.

Inu simunaione basi ya masiku amenewo, ndiye mungaganize kuti ndi nkhalamba chabe ikulira zakale. Munkakwera aphunzitsi, anamwino ovala zoyera, mafolomani a ku Graniteside, amayi a madengu opita ku Mbare, ndi bambo wina wosaona amene ankagogoda chitseko ndi ndodo yake. Nkhalamba ikamakwera, ine ndinkayang'ana pa galasi mpaka itakhala pansi, ndiye n'kuchotsa phazi pa buleki. Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Mizere inkatalika, mabasi ankadzaza, ena ankafera panjira. Koma munthu wofooka ankadziwa poima, ankadziwa nthawi, ndipo chitseko chinkamudikira. Pa msewu wathu wonse panalibe mwini galimoto, ndipo palibe amene ankachita manyazi.

M'zaka za m'ma 1990

Makombi, maminibasi aja, ataloledwa kunyamula anthu, Binwell anali woyamba kumva fungo lake. Anandipempha kuti ndimuphunzitse kuyendetsa. Loweruka lililonse tinkapita pa bwalo la mpira ndi kalole kobwereka kwa mnzake wogulitsa nkhuni. Mutu wake unali wouma pa nkhani ya kilatchi. Ankadumphitsa kaloleko ngati chule, ine n'kumamugwira dzanja pa giya ngati mwana wophunzira kulemba. Laisensi anaipeza kachitatu. Mukumbukire zimenezi mukamamuona lero atatsamira chiwongolero ndi dzanja limodzi.

Anasiya ntchito, anagula kombi yakutha, kenaka yachiwiri. Ine ndinkaima pa siteji ndi basi yanga kudikira nthawi, kombi ya Binwell n'kubwera kutsogolo kwanga, hutala ili pii pii, n'kukokolola anthu onse. Anthu amene ndinawanyamula zaka ndi zaka ankathamangira kumeneko osandiyang'ana n'komwe. Sindikuwadzudzula kwambiri, kombi inali yachangu. Koma zinkandiwawa kuyendetsa mipando yopanda anthu kumbuyo kwa munthu amene dzulo lake ankandimenyera belu.

Tsiku lina anabwera kunyumba atanyamula nkhuku. Amayi anu anaphika, tinadya, ndiye anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Alamu, kampani yanu ija ikufa. Bwerani mudzayendetse kombi yanga yatsopano. Inu simumwa mowa, simuba, ndingagone tulo."

Ndinati, "Ndiye kuti ndizikutchani bwana?"

Anaseka. "Muzingonditcha alamu, koma makiyi muzibweza madzulo."

Ndinamuuza kuti ine ndine dalaivala wa basi, sindingamapanikize anthu ngati matumba a chimanga ndi kuthamangitsana ndi apolisi. Anagwedeza mutu n'kunena kwa mlongo wake kuti, "Esinati, amuna ako akufuna kumira ndi chipewa chawo kumutu." Amayi anu anangotola mbale.

Kenaka anagula galimoto yake yoyendera, yoyera, ya mipando yofewa. Lamulungu loyamba anaiimika pansi pa mtengo wa pakhomo la tchalitchi, pamene ife tinkaima tikamacheza. Tinasuntha. Abusa akafuna kukaona odwala, Binwell. Maliro akagwa, Binwell. Chaka chisanathe anamusankha kukhala mkulu wa mpingo, ine amene ndinkaphunzitsa kalasi ya obatizidwa ndili pa benchi. Inu ana munkalimbirana kukhala pa windo la galimotoyo, ndipo Tendai anandifunsa tsiku lina pa chakudya kuti, "Baba, ifeyo yathu tidzagula liti?" Ndinamuyankha kuti yanga ndi yaikulu kuposa ya amalume ake. Iye anati, "Koma siigona pano."

Nsanje ndimaidziwa ndi dzina lake, ndipo ndimadziwa zimene Mawu a Mulungu amanena za iyo. Ndinkaipereka kwa Ambuye m'pemphero, n'kudzuka nditapepukidwa. Koma ndikangotuluka m'tchalitchi, dzuwa likuwala pa galasi la galimoto ija, inkandidikira pomwepo ngati galu wodziwa mwini wake.

Zaka za kusowa kwa dizilo

Zimene Binwell ananena zinachitika. Ku depoti mabasi anayamba kugona pa njerwa. Amakanika ankachotsa chitsulo pa basi iyi kuti aukitse iyo, mpaka bwalo lonse linasanduka manda. Tinkafika m'mawa, kusaina, n'kukhala pa mthunzi kudikira dizilo amene sankabwera. A Mutasa anali atakalamba, koma ankavalabe wotchi ija n'kumaiyang'ana, ngakhale panalibe basi yoti aiwerengere nthawi. Anthu a ku Mufakose ankayenda wapansi mpaka ku Graniteside, m'mizere, atanyamula nsapato za ku ntchito m'manja kuti zisathe. Ndinkawadutsa pa njinga yanga nditabisa chipewa m'thumba, chifukwa ankandifunsa kuti, "Mudhara Phiri, basi yathu ili kuti?" ngati ine ndaibisa kunyumba.

Ndinapuma ntchito m'zaka zimenezo. Panalibe phwando. Ndinabweza yunifolomu, munthu wa ku sitolo ya kampani n'kundiuza kuti ndingoisunga, alibe poiika.

Zinthu zitayamba kusintha, ndinkayembekeza kuti mabasi abwerera monga kale. Ena ankaoneka kwa kanthawi n'kusowanso, opanda nthawi yodziwika. Chimene chinabwera n'kukhazikika ndi tigalimoto ta ku Japan. Aliyense wopeza pang'ono ankagula kake. Lero imani pa msewu wolowera m'tawuni m'mawa, muone. Magalimoto ali ndondondo osayenda, m'kati munthu mmodzimmodzi akusewera ndi foni, pamene m'mbali mwa msewu amayi a ana kumbuyo akuimika dzanja pa fumbi. Anthu onse a m'magalimoto amene diso lingaone akanakwanira mu basi yanga, msewu n'kutsala poyera. Koma tinagwirizana, osakhala pansi n'kukambirana, kuti yense adzipulumutse yekha. Wotsala ndi amene alibe mphamvu: nkhalamba, wodwala, wolumala, mwana wa sukulu. A ku Hopley, kumene misewu ndi maenje okhaokha, ndiye musanene.

Binwell anagulitsa makombi nthawi yabwino, anatsegula sitolo ya zitsulo za magalimoto, n'kumanga nyumba ya mpanda wautali kumapoloti atsopano, kupitirira Westgate. Ine maso anayamba kuchita nkhungu. Adokotala anati ndi ng'ala pamodzi ndi shuga, ndipo anandiuza kuti chiwongolero ndichiiwale.

Amayi anu atadwala

Impso za amayi anu zitafooka, a chipatala anati azibwera kawiri pa sabata kudzatsukidwa magazi pa makina. Inu munali kutali, Tendai ku Joni, Chisomo ku Blantyre, Rudo ku Mutare ndi ana aang'ono. Munkatumiza thandizo, ndipo Mulungu akubwezereni. Koma thandizo la pa foni silinyamula munthu kumukweza kombi.

Ulendo wake unali wotere. Kuchoka kunyumba wapansi mpaka pamsika, iwo atatsamira phewa langa. Kudikira kombi imene ingavomere kuima, chifukwa hwindi, woitanira anthu pa chitseko uja, akaona ndodo amauza dalaivala kuti apitirire. Kukhala anayi pa mpando wa atatu, bondo la munthu wina lili pa nthiti. Kutsika m'tawuni, kudutsa misewu yodzaza mpaka ku renki ina, n'kukweranso. Popita zinkapiririka. Pobwera, munthu atachoka pa makina, amakhala ngati nsalu yofinyidwa. Binwell ankati tizimuimbira. Ndinamuimbira kangapo m'nyengo ya mvula, koma kawirikawiri ndinkauza amayi anu kuti alamu ndi otanganidwa, tisawavutitse. Iwo ankandiyang'ana n'kumanga mpango wawo.

Tsiku lina masana tikubwerera, tinapeza makombi a ku Mufakose kulibe pa renki. Ankanyamulira anthu pa kona, injini ili moyaka, chifukwa ankathawa apolisi. Tinaima nthawi yaitali. Ina itabwera ndinapempha hwindi m'Chishona kuti adikire pang'ono, gogo akudwala. Anati, "Fulumirani, mudhara, ino si ambulansi." Amayi anu anaponda phazi limodzi m'kati. Pomwepo wina anakuwa kuti apolisi, ndipo kombi inalumpha. Anagwa chagada pa phula. Dzanja limene amalumikizapo makina linakhulika, magazi n'kuyamba kuyenda. Kombi sinaime.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, mutu wa mkazi wanga uli pa miyendo yanga, ndikumanga dzanja ndi mpango wawo. Magalimoto ankadutsa pafupi ndi mapazi athu, magalasi otseka. Mayi wina wogulitsa nthochi ndi amene anatitchingira dzuwa ndi ambulera yake. Ine, amene sindinagwetsepo munthu pa chitseko cha basi moyo wanga wonse, ndinatulutsa foni n'kuimbira Binwell. Anafika mofulumira. Sananene mawu oipa ngakhale amodzi. Anamunyamula mlongo wake ngati mwana, n'kumugoneka pa mpando wa kumbuyo. Ndikanakonda akanandilalatira.

Amayi anu atatuluka m'chipatala, Binwell anabwera ku Mufakose. Anakana tiyi. Anakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, makiyi ali m'manja.

"Alamu, ndabwera kudzatenga mlongo wanga. Azikakhala kwathu. Ine kapena mwana wanga tizimupititsa ku makina."

Ndinati, "Esinati ali ndi nyumba yake. Ino."

"Nyumba yanuyi ndi yabwino, koma ilibe mawilo."

Ndinamuuza kuti Tendai wanena kuti atitumizira kagalimoto. Anandiyang'ana m'maso, maso anga a nkhunguwa, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Muziyendetsa ndi maso ati, alamu?" Kenaka ananena mawu amene sindinkaganiza kuti ndingawamve mu Harare. "Amayi pomwalira anasiya mbumba m'manja mwanga. Esinati ndi mbumba yanga. Akafera pa msewu, a kwathu adzafunsa ine, osati inu."

Inu obadwira kuno mwina simudziwa. Kwathu kwa Achewa, mkazi ndi ana ake amayang'aniridwa ndi mlongo wake wamwamuna. Mwamuna wokwatira ndi wobwera. Malamulo amenewa tinkaganiza kuti anatsala ku mudzi, ndipo zaka zonsezi Binwell sanawatchulepo. Anawakumbuka tsiku limene anali ndi galimoto pakhomo panga.

Ndinatembenukira kwa amayi anu. "Amake Tendai, mukuti bwanji?"

Anayang'ana dzanja lawo la mabandeji. "Abambo a Tendai, ine ndatopa ndi kugwa."

Ndinawalongedzera chikwama ndekha.

Chaka chathachi

Ndinatsala ndekha m'nyumba imene munabadwiramo. Lamulungu ndinkatuluka m'tchalitchi ulaliki usanathe, kuti ndikawaone amayi anu. Kombi mpaka m'tawuni, ina mpaka pamene phula lalikulu lathera, ndiye wapansi. Kumapoloti kumeneko kombi silowa, chifukwa aliyense ali ndi galimoto. Anamanga misewu yopanda poyenda munthu. Umayenda m'mphepete mwa mipanda, agalu akukuuwa m'kati, magalimoto akukuthira fumbi, ndipo mlonda wa pa geti la m'deralo amakufunsa kuti ukufuna ntchito kwa yani. Ndinkafika nditatopa, kukhala nawo pang'ono, n'kunyamuka dzuwa likadalipo kuti makombi asandithere.

Ndinkawapeza atakhala pa khonde, atanenepako, nkhope yawala. Ndinkayamika Mulungu, ndipo nthawi yomweyo mtima unkandiluma kuti achira m'nyumba ya mwamuna wina, ngakhale ndi mlongo wawo. Ankandiuza kuti, "Achimwene anandigulira mapilo atsopano. Achimwene amayatsa kamphepo kozizira m'galimoto ndikachoka pa makina." Achimwene, achimwene. Ine ndinkabwera ndi masamba a maungu a kuseri kwa nyumba yathu, atafota m'thumba chifukwa cha ulendo.

Lamulungu lina kunagwa mvula yamphamvu. Ndinaima pamsika mpaka ndinanyowa thupi lonse, makombi akudutsa odzaza. Ndinabwerera kunyumba. Sabata yotsatira mkazi wa Binwell anandinong'oneza kuti amayi anu anakhala pa khonde tsiku lonse ndi makapu awiri, n'kukana kulowa m'nyumba.

Tsiku limenelo Binwell anandiperekeza mpaka pa geti. Anandilozera kanyumba ka kuseri, kamene anamangira wantchito wa m'dimba. "Alamu, kanyumbako kali chabe. Kali ndi madzi ndi magetsi. Bwerani muzikhala ndi akazi anu. Ya ku Mufakose ikani munthu."

Ndinati ndikaganiza. Koma m'njira monse magazi ankawira. Atate anga ankatiuza za chikamwini, mmene anakhalira ku mudzi wa mkazi wawo woyamba, akulima munda wa apongozi, akudya pomaliza, osaloledwa kudula ngakhale nthochi popanda kupempha. Ankati anayenda wapansi mpaka ku Salisbury, Harare wa lero, kuti mwana wawo asadzakhale mkamwini wa munthu. Nyumba ya ku Mufakose anaipeza ndi thukuta, n'kundisiyira. Tsopano ine, wa imvi mutu wonse, ndikakhale kuseri kwa nyumba ya kondakitala wanga?

Ndinasala kudya, ndinapemphera. Ndinauza Ambuye zonse, osabisa. Ndinati, Inu mumadziwa kuti ndinatumikira anthu anu mokhulupirika, ndinadikira nkhalamba, sindinabe, nanga bwanji mwakweza uyu amene ankadumphitsa lole ngati chule? Yankho silinabwere m'maloto kapena mu ulaliki. Linabwera pa khonde lija Lamulungu lotsatira. Ndinayamba kuwafotokozera amayi anu za atate anga ndi za ulemu wa mwamuna m'nyumba yake. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Abambo a Tendai, inu mukupikisana ndi achimwene anga. Ine ndikupikisana ndi masiku. Mukapambana, mudzandipeze ngati ndidzakhalepo."

Anatenga thumba la masamba aja, n'kuyamba kusadzula okha ndi dzanja limodzi, akung'ung'udza kuti a kuno sadziwa kuphika ndiwo zotendera.

Nyumba ndinaisiya m'manja mwa banja lina la ku Tete la mu mpingo mwathu. Tsiku losamuka ndinkafuna kubwereka ngolo ya munthu kuti katundu afike pamsika, ndikwere kombi monga mwa masiku onse. Binwell anangofika osandiuza. Anthu a pa msewu wathu anatuluka kudzaona. Ndinakhala kutsogolo, chikwama pa miyendo. Galimoto yake ya tsopano ilibe ndi kilatchi yomwe, ngakhale mwana angaiyendetse. Amayendetsabe moipa. Amafika pa mphambano ali pa liwiro, n'kuponda buleki mochedwa. Phazi langa linkaponda pansi lokha. Iye anaona n'kuseka. "Alamu, buleki ili mbali ino."

Lero

Ndikulemba ndili m'kanyumba ka kuseri. Amayi anu anakana chipinda chachikulu cha m'nyumba ya achimwene awo, anasamukira kuno tsiku lomwelo. N'kopanikiza, bedi likugunda khoma mbali ziwiri, koma ndikatambasula dzanja ndimawakhudza. M'mawa timapemphera limodzi monga kale. Masiku a makina, ine ndi amene ndimatsegula geti kuti galimoto ituluke, n'kutseka, ndiye n'kulowa kumbuyo kukhala pambali pawo, nditagwira dzanja lija kuti lisagundidwe m'maenje. Palibe amene anandituma ntchito ya pa geti. Koma mkamwini sakhala chabe.

Nsanje sinathe. Ndikamva injini ija ikulira m'mawa, imadzukanso, ndipo ndimaiperekanso kwa Ambuye, tsiku ndi tsiku ngati mankhwala a shuga. Binwell sanandilakwire. Anasunga moyo wa mlongo wake, ndipo pa tsiku lomaliza zimenezo zidzawerengedwa. Koma ndimanena pamaso pa Mulungu kuti sizinayenere kufika apa. Amayi anu sankafuna galimoto. Ankafuna chinthu chobwera pa nthawi yake, choima pamalo odziwika, cha chitseko chachikulu ndi mpando, choyendetsedwa ndi munthu amene adikira mpaka wodwala akhale pansi. Chikanakhalapo, bwenzi akugona pa bedi lawo ku Mufakose, ndipo Binwell bwenzi akubwera kwathu ngati mlendo, ife n'kumuphera nkhuku.

Tendai, kagalimoto kaja usatumize. Nonsenu muli ndi anu, ndipo sindikuti muwagulitse. Koma tsiku likubwera pamene maso anu nawonso adzachita nkhungu, makiyi n'kukhala pa tebulo opanda ntchito. Choncho kumene mukukhalako, anthu akamakambirana za misewu ndi mabasi, musakhale chete chifukwa choti inu muli pabwino. Lankhulani ngati anthu amene mayi wawo anagwa pa phula.

Mulungu wa atate anga, amene anawayendetsa wapansi kuchokera ku Dedza osawataya m'njira, akhale nanu inu ndi ana anu. Akutetezeni pa misewu ya m'mayiko amene mwabalalikiramo. Akupatseni mitima yopepuka kuposa wanga poona zabwino za abale anu. Ndipo mukadzakalamba, akuloleni kukalambira m'nyumba zanu, pambali pa amene mumawakonda, osapempha chilolezo kwa mwini makiyi. Amen.